Ndalama ya mu envulopu ilibe mboni

Mwa makalata amene ndalandira sabata ino, imodzi yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Ntcheu, amene wandipempha kuti ndisamutchule dzina. Mwana wake wamwamuna ali ku Durban, ndipo kwa zaka zinayi ndiye wakhala akugula feteleza wa pakhomo. Tsopano ntchito idamuthera, akugona kwa anzake. Mayiyu ali ndi marandi 200, mapepala awiri amene mwana yemweyo adamusiyira atabwera pa Khrisimasi, ndipo wawasunga m'Baibulo mpaka lero. Akufuna kumubwezera kuti agule chakudya. Funso lake ndi lalifupi: “Kodi ndikawakulunga bwino m'pepala, n'kuwaika mu envulopu pamodzi ndi kalata, sangafike?”

Mayi, yankho langa ndi lakuti musatero. Kuti angafike n'zotheka ndithu, ndipo alipo anthu amene adatumizapo choncho zinthu n'kuyenda bwino. Koma ine ndidachitapo zimene mukufuna kuchitazo, ndipo chimene chidatayika chidali chachikulu kuposa ndalamayo. Loleni ndikufotokozereni.

Agogo anga aamuna adapita ku Southern Rhodesia nkhondo yachiwiri itangotha, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu. Patapita zaka adabwera kudzatenga mwana wawo wamkazi, amene ndi azakhali anga, kuti azikawaphikira. Bambo anga adatsala ndi agogo aakazi. Azakhali adakwatiwa komweko ndi munthu wakwathu konkuno wogwira ntchito pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ndipo sadabwererenso. Ndiwo matchona amene timawanena aja.

Bambo ankakonda kusimba za makalata a agogo. Kalata inkafika pa keyala ya sukulu ya mishoni, aphunzitsi aakulu n'kuitana dzina pa mzere wa m'mawa. Ukaitsegula, pakati pa mapepala pamagwa ndalama ya pepala ya mashiling'i khumi. Masiku amenewo zinkatheka mosavuta. M'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, maiko atatu aja adali ndi ndalama imodzi ndi positi imodzi. Ndalama yoikidwa mu envulopu ku Salisbury inkagula mchere ku Dedza popanda woisintha. Kwacha yathuyi idabwera mu 1971. Ambirife tidakula ndi nkhani zoterezi, n'chifukwa chake mpaka lero tikaona envulopu timaiyesa chikwama.

Koma ngakhale nthawi imeneyo, ndalama zochuluka sizinkayenda choncho. Amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, amene adapitirira 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gawo la malipiro awo linkasungidwa n'kudzalandirira kuno kumudzi, zolembedwa m'buku. Ena ankagula postal order, pepala lolembedwa dzina la wolandira ndi nambala yake, kachidutswa kena n'kutsala kwa wotumiza. Njira imeneyi idayamba ku Britain mu 1881, ndipo cholinga chake chidali chomwechi, kuti munthu wamba wopanda buku la ku banki asamaike ndalama yeniyeni m'kalata. Makolo athu odziwa zinthu ankasiyanitsa: moni apite mu envulopu, ndalama ipite ndi pepala lokhala ndi umboni.

Ine phunziro limenelo ndidaliiwala mu 2011. Mukukumbukira chaka chimenecho: mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, ndalama zakunja zosowa m'mabanki. Ku Zimbabwe nako kudali kutadutsa moto. Minda ya azungu italandidwa kuyambira mu 2000, antchito a m'mafamu, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, adatsala opanda ntchito. Ndalama ya dzikolo idafa mu 2008, ndipo kuyambira 2009 anthu ankagula zinthu ndi madola a ku America. Azakhali adali atakalamba, amuna awo atamwalira, maso asakuonanso bwino. Uthenga udandipeza kudzera kwa munthu wa mpingo kuti akuvutika.

M'kabati ndidali ndi pepala limodzi la madola 20 limene lidatsala pa ulendo wa ntchito. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo silinkafika ndi K3,500 yomwe. Ndidaganiza zopita nalo ku banki, koma nditalingalira za mafomu, mzere ndi ndalama yolipira potumiza, ndidaona ngati ndi kupha nyerere ndi nkhwangwa. Komanso azakhali akadakalandirira kuti, poti adalibe buku la ku banki kapena chiphaso chodalirika? Ndidatenga kaboni, pepala lakuda lija tinkalembera makope, n'kukulunga ndalamayo kuti isaoneke munthu akayang'anitsa envulopu padzuwa. Ndidalemba kalata ya masamba awiri, ndipo kumapeto ndidaika mawu akuti: “Azakhali, ndaikamo madola 20, mugulire sopo ndi shuga.” Ndidamata ndi guluu, n'kuwonjezera selotepi, n'kupatsa mnyamata wa pa ntchito pathu kuti akaponye. Keyala idali ya sukulu ya pulayimale ya pafupi ndi kwawo.

Padapita miyezi iwiri. Yankho lidabwera lolembedwa ndi dzanja lachilendo, la mayi woyandikana nawo nyumba. Azakhali ankathokoza kuti ndawakumbukira, ankafunsa za manda a mlongo wawo, ankafunsa ngati mtengo wa mango wa pabwalo paja ukadalipo. Kenaka padali mizere itatu imene ndimaikumbukira mpaka lero. Kalata adalandira, koma chimene ndidanenacho sadachione. Amene adabweretsa kalatayo kuchokera ku sukulu ndi mdzukulu wawo wa zaka 14. Amalume ake amukwapula, koma akukanabe.

Ndidakhala pansi n'kuyamba kuwerenga manja amene kalata ija idadutsamo. Mnyamata wa pa ntchito pathu. Osankha makalata kuno. Onyamula matumba. Oyang'ana katundu wolowa m'dziko, amene lamulo limawalola kutsegula chimene akuchikayikira. Osankha makalata kumeneko. Munthu wokatenga makalata a sukulu ku tauni. Aphunzitsi a mu ofesi. Kenaka mwanayo. Manja osachepera asanu ndi atatu, ndipo mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene adasainira kalikonse. Sindingaloze chala aliyense. Ambiri mwa anthu amenewa ndi okhulupirika, amagwira makalata zikwizikwi osatsegula ndi imodzi yomwe. Koma chinthu chikasowa popanda mboni, mlandu umagwera amene ali pafupi ndiponso wopanda mphamvu. Uku ndidayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira mnyamata wa pa ntchito pathu, munthu amene adali asadandibereko ndi tambala yemwe. Uko chikwapu chidagwera mwana.

Chimene chidandipweteka kwambiri ndidachizindikira mochedwa. Azakhali sankatha kuwerenga chifukwa cha maso. Amene adawawerengera kalata yanga mokweza, mawu ndi mawu, ndi mdzukulu yemweyo. Akadakhala kuti adatenga ndalamayo, kodi akadawerenga mzere wonena za madola 20? Akadangoudumpha, nkhani n'kuthera pomwepo. Adauwerenga chifukwa sankadziwa kuti akudziwerengera mlandu. Ndidalemba kalata ina kufotokoza zimenezi, koma mmene inkafika n'kuti mwanayo atachoka pakhomo, atasiya sukulu, atapita kokumba golide ndi anyamata anzake. Sindinganene kuti madola anga okha ndiwo adamuchotsa pa sukulu, umphawi udalipo kale. Koma ndikudziwa kuti ndidawonjezera mwala pa katundu wake. Azakhali adamwalira mu 2014. Mnyamatayo lero ndi bambo wa ana awiri, timalankhulana pa WhatsApp, amanditchula sekuru monga mwa Chishona. Tsiku lina, tikucheza za mvula, adangoti: “Sekuru, ndalama ija ine sindidaione.” Ndidamuyankha kuti ndikudziwa, ndipo wolakwa ndidali ine.

Tsopano tione chimene malamulo amanena, chifukwa nthawi imene ndinkamata envulopu ija sindidafunse aliyense, ndipo safunsa adadya phula. Makalata a pakati pa maiko amayenda pansi pa pangano la Universal Postal Union, bungwe limene lidakhazikitsidwa ku Bern m'dziko la Switzerland mu 1874, ndipo Malawi ndi membala. Panganoli limaletsa kuika ndalama zachitsulo kapena zamapepala m'kalata wamba. Limalola ndalama m'katundu wa inshuwalansi, kapena m'kalata ya rejisita ngati malamulo a maiko onse awiri, lotumiza ndi lolandira, akuvomereza. Kalata wamba ikasowa, positi ilibe ngongole ndi inu, chifukwa palibe paliponse pamene idalembedwa. Ya rejisita ikasowa pamakhala chipukuta misozi, koma ndi chokhazikika, sichitengera zimene mukunena kuti zidali m'katimo, ndipo ngati mudaikamo chinthu choletsedwa simulandira kanthu. Choncho munthu amene wataya ndalama mu envulopu sangakadandaule kulikonse. Akangotsegula pakamwa wayamba wadziulula yekha.

Palinso lamulo lachiwiri, la kuno kwathu. Kutulutsa ndalama zakunja m'dziko muno kuli ndi malamulo ake amene Reserve Bank of Malawi imayang'anira, ndipo njira yovomerezeka ndi kudzera m'mabanki ndi makampani amene adapatsidwa chilolezo. Envulopu si imodzi mwa njira zimenezo, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa bwanji. Ine ndidalakwa pamenepanso. Ndipo kwa amene angaganize zoika makwacha, dziwani kuti ku Durban kapena ku Harare kwacha sigula buledi, ndipo kupeza woisintha n'kovuta.

Komabe sindikufuna kuti mayi wa ku Ntcheu amve ngati ndikumudzudzula. Funso lake lili ndi nzeru. Anthu saika ndalama mu envulopu chifukwa cha umbuli. Amatero chifukwa njira zovomerezeka zimalanga ndalama yochepa. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imawerengera mtengo wotumizira madola 200 kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo kwa zaka zambiri chigawo chathu cha kummwera kwa Sahara ndicho chodula kuposa zonse, pafupifupi madola 8 pa 100 alionse, pamene dziko lonse lapansi ndi pafupifupi 6. Maiko adagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 pa 100 alionse. Koma onani kuti chiwerengero chimenechi ndi cha madola 200. Kwa wotumiza madola 10 kapena 20 zimaipa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri pamakhala ndalama yokhazikika yolipira posatengera kuchuluka kwa zimene ukutumiza. Uwonjezerepo thiransipoti yopita ku boma, tsiku lathunthu losiya kumunda, ndiponso yopita kokalandira kwa winayo. Wolemera wotumiza mamiliyoni samva kuwawa. Wosauka wotumiza ya sopo, theka limathera panjira.

Chinanso n'chakuti njira zambiri zimene tili nazo zidamangidwa ngati msewu wolowera mbali imodzi. Kulandira ndalama kuchokera ku Joni lero n'kosavuta: m'bale wapita pa Mukuru kapena kampani ina, uthenga walowa pa foni, wakatenga pa kanyumba ka pamsika kapena yalowa mu Airtel Money kapena Mpamba. Koma kuti ndalama ichoke kuno kupita uko, makamaka pamene ndalama zakunja zikusowa, khomo limapanikiza. Amene adakonza njirazi adaganiza kuti wa kunja ndiye amathandiza wa kumudzi nthawi zonse. Adaiwala kuti wa kunja nayenso amadwala, amachotsedwa ntchito, amamangidwa chifukwa cha mapepala, amakalamba pa famu ya eni.

Vuto la kandalama kochepa kowoloka malire ndi lakale, ndipo a positi adaliganizirapo. Mu 1906, pa msonkhano wawo ku Rome, adagwirizana zopanga kapepala kotchedwa International Reply Coupon, kamene kadayamba kugwira ntchito mu 1907. Umakagula kwanu, n'kukaika m'kalata, ndipo wolandirayo amakasinthitsa ndi sitampa ya kwawo kuti akuyankhe osawononga ndalama yake. Amene tidali ndi anzathu a makalata kunja tili pa sekondale tikukakumbukira. Ndi timapepala tomweti timene Charles Ponzi adanamizira anthu a ku Boston mu 1920 kuti akupangira phindu lalikulu, dzina lake n'kusanduka dzina la chinyengo cha mtundu umenewo. Lero maiko ena adasiya kutigulitsa: Britain kumapeto kwa 2011, America mu 2013. Ndipo ngakhale kumene tikupezeka, timagula sitampa yokha, osati ufa. Masiku ano kuli njira zatsopano zimene mabanki akuluakulu akuyesa, monga TCIB ya maiko a SADC imene idayamba mu 2021 ndi cholinga chotumiza ndalama zochepa mwachangu, ndi PAPSS ya Africa yonse imene idakhazikitsidwa ku Accra mu 2022. Maina ndi okoma. Ine ndidzaziwombera m'manja tsiku limene mayi wa ku Ntcheu adzatumize ndalama ya chakudya kwa mwana wake ali pa sitolo ya kwawo, n'kulandira lisiti, osataya theka.

Nanga pakadali pano achite chiyani? Ndili ndi malangizo anayi, ndipo ndi omwe ndimatsata ine chichitikireni zija.

Choyamba, mayi, lankhulani ndi mwana wanu musadachite chilichonse. Mufunseni ngati ali ndi pasipoti yogwira ntchito kapena nambala ya foni imene angalandirire ndalama, chifukwa njira yabwino imasankhidwa poyang'ana wolandira. Mufunsenso keyala imene mukufuna kulembayo kuti ndi ya yani. Ana athu ambiri kumeneko amakhala m'zipinda za lendi kuseri kwa nyumba za eni, amasamuka kawirikawiri, ndipo bokosi la makalata amatsegula ndi munthu wina.

Chachiwiri, tsiku limene muli ndi ulendo kale wa ku boma, tengani chiphaso chanu cha unzika mulowe mu banki kapena kampani yotumiza ndalama yokhala ndi chilolezo. Funsani mafunso atatu: kodi mumatumiza ku South Africa, ndilipira zingati zonse pamodzi, ndipo mwana wanga akalandira marandi angati m'manja? Funso lachitatuli ndilo lofunika, chifukwa mtengo wina umabisala pa kasinthidwe. Ku positi ofesi nakonso funsani, poti masiku ano ma positi ambiri amagwira ntchito ndi makampani otumiza ndalama pa kompyuta. Kusiyana kwa kauntala ndi bokosi loponyamo makalata n'kwakuti pa kauntala mumatuluka ndi lisiti.

Chachitatu, ngati mtengo wotumizira ukudya gawo lalikulu, musatumize pang'onopang'ono. Itanani abale, aliyense aponyepo, mutumize kamodzi. Kulipira kamodzi pa ndalama yokulirapo n'kopepuka kuposa kulipira kanayi pa tindalama tating'ono.

Chachinayi, ndikudziwa kuti ambiri amapatsira munthu wa pa basi ya ku Joni. Ngati ndi m'bale kapena munthu wa mpingo amene mukumudziwa kwawo, ndipo ndalamayo ili m'malire a zimene wapaulendo amaloledwa kunyamula, chitani poyera. Muwerengereni pamaso pa anthu awiri, alembe m'kope kuti walandira, ndipo muimbireni mwana wanu wonyamulayo ali pomwepo, kuti onse atatu mumve chiwerengero chimodzi. Ena amaona ngati kulembetsa m'bale ndi kumunyoza. Ine ndimaona kuti ndi kumuteteza, chifukwa mawa chinthu chikasokonekera, kope lija ndilo lidzamuyeretse.

Ndipo kalatayo lembani ndithu. Musaileke chifukwa mulibe choikamo. Mwana amene ntchito yamuthera kudziko la eni amadziona ngati wagwa, amachita manyazi ngakhale kuyankha foni. Muuzeni za mbuzi zimene zaswa, za chimanga chimene feteleza wake adabereketsa, ndi kuti pakhomo palibe amene akumuwerengera masiku. Muuzeni kuti akafuna kubwerera, mphasa yake ilipo. Kalata yotero ikachedwa panjira palibe amene akwapulidwe, ndipo ikatsegulidwa ndi munthu wolakwika, adzangowerenga moni wa mayi kwa mwana wake.

Kwa akuluakulu oyang'anira mabanki ndi mauthenga ndili ndi pempho limodzi. Malamulo oteteza ndalama zakunja ndi ofunika, tonse tikuona mmene dziko likuvutikira. Koma amene amakhetsa ndalama za dziko lino si mayi wa marandi 200. Tsegulani kakhomo kakang'ono, kotsika mtengo, ka mafomu ochepa, ka ndalama zochepa zothandizira m'bale wodwala kapena wosowa kunja. Mukatseka paliponse, anthu sasiya kutumiza, amangobwerera ku kaboni ndi selotepi.

Mayi a ku Ntcheu, marandi awiriwo asiyeni kaye m'Baibulo mpaka mutapeza njira yokhala ndi mboni. Ndipo inu nonse amene mudatumizapo ndalama kunja kuchokera kuno, kaya kudzera ku banki, pa foni kapena pa basi, tilembereni mutiuze kuti mudalipira zingati ndipo zidatenga masiku angati. Tidzasindikiza mayankho anu patsamba lino kuti mayiyu ndi ena onga iye asankhe akudziwa. Makalata anu tumizani pa keyala ya masiku onse, mulibe kanthu m'kati koma mawu okha.